Geti la ku Dziwe la Ndowe

Danitza anawachenjeza mu Epulo, mvula ya nyengo yozizira ya kumeneko isanagwire kwenikweni, kuti thanki yopopera ndowe imene ankafuna kugulayo siidzalowa pa geti la ku dziwe la ndowe. Ananena pa tebulo onse alipo: mwamuna wake Yerko, apongozi ake aamuna a Baldomero, ndi apongozi aakazi a Uberlinda amene ankadula buledi. Sikuti ankangoyerekeza ayi. Tsiku limene anapita kukaiona thankiyo kwa a Winkler, mnansi wawo amene ankasiya ulimi wa mkaka, amuna ali kalikiliki kugogoda matayala, iye anasolola tepi yosokera m'thumba n'kuyeza kuchokera tayala ili kufika tayala ilo. Atabwerako anayezanso geti. Thanki inkaposa ndi zikhatho ziwiri.

"Mwawamva a Sajeni?" anatero a Baldomero akupaka batala, pomutcha Danitza dzina limene ankamuseka nalo. "Atiyezera thanki ndi tepi ya masiketi."

"Tepi ndi tepi, apongozi. Siilowa."

"Ilowa, mwana wanga. Ine ndinalowetsapo ngolo yodzaza udzu m'khola lakale lija chafutambuyo, mwamuna wanuyu asanamere ndi mano omwe."

"Ndipo unagwetsa khoma," anatero a Uberlinda osatukula mutu.

"Khoma lija linali litatopa kale, nkhalamba iwe."

Onse anaseka, Yerko nayenso, nkhani n'kuthera pomwepo. Danitza sanaseke. Maso ake anali pa Maite, mwana wake wa zaka ziwiri, amene anali atakwera pa benchi n'kumatambasulira dzanja ku ketulo.

Dziwelo linali kuseri kwa khola lokamira, masitepe makumi anayi kuchokera pa khomo la khitchini. Danitza anali atawawerenga. M'mawa ndi madzulo, akamaliza kukama ng'ombe zawo makumi asanu ndi awiri, Yerko ankatsuka simenti ndi payipi, ndipo ndowe, mkodzo ndi madzi zonse zinkatsetserekera mmenemo. Kuya kwake kunali kwa amuna awiri, wina ataima pa mapewa a mnzake. Koma chimene chinkamusowetsa mtendere Danitza sikuyako. Pamwamba pa dziwe pankagwira nkhoko yokhuthala, ndipo pa nkhokoyo pankamera udzu wobiriwira kuposa wa kumsipu. Nkhuku zinkayendapo, mpaka kupalasa ndithu. Munthu wosadziwa akanati ndi kapinga.

Ali ndi pakati pa Maite, anamuuza Yerko kuti sasamuka kwawo kutauni ya Río Bueno kudzakhala pafamupo ngati dziwelo lilibe mpanda. Yerko anamanga, masiku atatu a Lamlungu: waya wa sefa wofika m'chifuwa, mizati ya mtengo wolimba, ndi geti lachitsulo la loko. Kiyi ankamupachika pamwamba pa chitseko, pamalo poti Danitza mwini ankachita kunyanyamphira. Kuyambira pamenepo m'pamene anayamba kugona tulo.

Zaka zonse, dziwe likadzaza, a Baldomero ankangogumula ngalande yakumunsi, zonse n'kumatsikira kudambo, kuchoka kudambo n'kukathira mu mtsinje. Chaka chimenecho a kopaletivi yogula mkaka anati zimenezo zithe, apo ayi galimoto ya mkaka isiya kuima pafamupo. Anatumiza mlangizi, mtsikana wa jombo zatsopano, amene anayala mapepala awiri pa tebulo. Pepala loyamba linali la pampu yamagetsi yoyandama m'dziwe momwemo, mapayipi okwirira mpaka kumsipu, ndi chothirira chodziyendera chokha pang'onopang'ono. Swichi pakhoma la khola. Munthu akanamalowa mumpanda mwina kawiri pachaka. Pepala lachiwiri linali la thanki yokokedwa ndi thalakitala, yoyamwa ndi mphamvu ya thalakitala yomweyo, ndi chovundulira chachitali chophwanyira nkhoko. Imeneyi inkafunika kuibweza chafutambuyo mpaka m'mphepete penipeni mwa dziwe, ulendo uliwonse.

Danitza anafunsa kuti pamafunika maulendo angati kuti dziwe liphwe. Mlangizi anadinadina foni n'kunena kuti oposa makumi asanu.

A Baldomero anasankha thanki. Sanali munthu wopusa, ndipo Danitza ankadziwa zimenezo. Zimene ankanena zinali zoona. Mphepo ya mu Juni ikagwetsera mitengo pa mawaya, magetsi ankasowa masiku anayi, ndipo imeneyo ndi nthawi yomwe dziwe limasefukira. Jenereta yawo inkangokwanitsa makina okamira ndi choziziritsira mkaka. Kuisenzetsanso pampu ikanangotsokomola n'kufa. Pampuyo inkafuna thiransifoma yokulirapo, ndipo a magetsi anati abwera pakati pa Okutobala ndi Disembala, zimene aliyense anamva kuti ndi chaka chamawa. Ndiponso msipu wouma bwino unali tsidya la msewu, kumene payipi sikanaoloka.

"Thalakitala yanga ikadwala ndimaimva ndi khutu," anatero a Baldomero mlangizi atapita. "Chamagetsicho chikafa muitana ndani? Wa kompyuta wa ku Osorno, woti abwera Lachisanu la sabata yamawa?"

"Chaka chino chokha tiitane aganyu opopa ndowe, apongozi. Thanki yawo ili ndi payipi yaitali, imayamwa ili kunja kwa mpanda. Thiransifoma tiidikire."

"Aganyu amabwera tsiku lawo, mwana wanga. Dziwe limadzaza tsiku lake."

Madzulo ake, akupita kukatenga ng'ombe, Yerko anamuuza kuti iyeyo mtima wake unali ku pampu yamagetsi.

"Nanga unakhaliranji chete?"

"Famu ndi ya mdala, Dani. Koma usade nkhawa. Geti ndizitseka ndekha, ulendo uliwonse. Ndalumbira."

Thanki inafika sabata yachiwiri ya Juni, dziwe litatsala pang'ono kusefukira. A Baldomero anaibweza chafutambuyo katatu. Kachitatuko tayala linakhula mzati, loko n'kuthothoka. Anatsika, anayang'ana, anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu. Kuzenera la khitchini, kumene Danitza anaima Maite ali pachiuno, sanayang'aneko.

"Winkler wasintha matayala," anatero. "Tsiku lija sanali aakulu chonchi."

Anamanga tcheni pa mzati, thalakitala n'kuuzula ngati dzino, geti lili lende pomwepo. Zonse anazigoneka mu udzu. Panatsala mpata woti ng'ombe zitatu n'kudutsa limodzi. Chovundulira cha a Winkler chinapezeka kuti chinagwira dzimbiri, sichinkazungulira, ndiye anangoboola nkhoko pakona imodzi ndi fosholo n'kulowetsa payipi. Kwina konseko kunatsala kobiriwira monga kale.

Madzulo Yerko anapingasa mawaya awiri pampatapo n'kuwapota ndi pulayala, monga ankakonzera chilichonse pafamupo, kuyambira chogwirira cha ketulo mpaka chitseko cha galimoto. Danitza anaima pambali n'kuyeza ndi maso. Pansi pa waya wam'munsi Maite akanadutsa atangoweramitsa mutu.

"Ameneyu ndi wotchingira mathole, Yerko. Mwana si thole."

"Ndi masiku ochepa chabe. Dziwe likaphwa tikumba, tithira simenti, tiika geti lalikulu."

"Masiku angati?"

"Zitengera mvula."

Mvula inagwa sabata yathunthu. Thanki yodzaza sikanayenda pa msipu wonyowa, ikanangosiya ngalande mmene mwadutsa matayala, choncho ankadikira. Tsiku loti kwacha bwino ankayenda maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo tsiku limenelo mawaya ankagona pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Yerko anatseka maulendo awiri oyamba. Kenaka anaona kuti kutsika, kupota, kukweranso, kubwera kudzamasula, kukudya nthawi ya ulendo wathunthu, ndipo kumpoto mitambo inali itayamba kale kusonkhana.

Danitza anakhomera kangowe pamwamba pa chitseko cha khitchini. Maite ankamuveka jekete yofiira tsiku lililonse, ngakhale yosauma bwino, kuti azioneka patali. Poyanika zovala m'khonde ankamuika m'bokosi la maapozi pakati pa miyendo yake. Akamva chitseko chilichonse chikulira, ankasiya chimene wagwira. Chakudya chinkamuzizirira m'mbale.

"Mwanayu mumulemaza, mwana wanga," anatero a Uberlinda tsiku lina. "Ine ndalera atatu pompano, dziwe lili yasa, mpanda kulibe. Anagweramo ndani?"

"Galu uja munkanena uja."

"Galu uja anali wakhungu."

Ntchito ya Danitza inali yomwetsa mathole mkaka, kawiri patsiku, ndowa ina dzanja ili, ina dzanja ilo. Mwezi umenewo mathole ankatsegula m'mimba, ndiye Maite sankamutengera kukhola lawo. Ankamusiya ndi agogo ake m'khitchini, n'kudikira panja mpaka amve kangowe kakulowa.

Lachinayi kunacha dzuwa. Thalakitala inali itaoloka msewu ndi ulendo wachitatu. Danitza anamwetsa thole lomaliza, anatsuka ndowa, n'kutuluka. Atakhota pakona ya shedi ya nkhuni anaona chitseko cha khitchini chili pululu. Anatembenukira kudziwe.

Jekete yofiira inali itadutsa kale pampata paja. Maite ankayenda mmene munadutsa tayala, chidutswa cha buledi chili m'manja, akutsata nkhuku yamawanga. "Pipi, pipi," ankaitana. Nkhuku inafika m'mphepete, inadumphira pa udzu wobiriwira uja n'kuyamba kupalasa.

Danitza sanakuwe. Ankadziwa kuti Maite akamva dzina lake mokweza amathawa akuseka, chifukwa ndi mmene ankasewerera ndi bambo ake. Anatsitsa ndowa pansi pang'onopang'ono kuti zisalire. Anayenda msanga koma osathamanga, mapazi akuterereka m'matope. Atadutsa pampata panatsala masitepe asanu. Mwana anali ataima m'mphepete, dzanja la buledi litatambasuka.

"Maite," anatero chapansipansi. "Taona chimene ndakupezera."

Mwana anacheuka. Anaona amayi ake, anaseka, n'kuponda chambuyo.

Danitza anadziponya. Zala zake zinakola chipewa cha jekete, ndipo anakoka ndi thupi lonse. Nkhoko inatseguka pansi pa phazi la mwana popanda phokoso lililonse, mwendo n'kulowa mpaka m'ntchafu. Onse awiri anagwera chagada m'matope, Maite ali pachifuwa pake. Mwendo unatuluka wakuda bii, wopanda jombo. Pamene panalowa phazi panatuluka thovu pang'ono, kenaka nkhoko inabwererana. Nkhuku inangosuntha pang'ono n'kupitiriza kupalasa.

Maite anayamba kulira. Ankalirira jombo yake.

A Uberlinda anatulukira kushedi atakumbatira nkhuni. Ataona, nkhuni zonse zinamwazika.

"Mayo ine! Mulungu wanga! Ndinangoti ndikatenge nkhuni ziwiri. Anali pansi akusewera ndi zivindikiro. Ndinangoti..."

Danitza ananyamula mwana n'kudutsa. Atalowa m'nyumba anangokhala pansi pa simenti. A Uberlinda anatenthetsa madzi, anamuvula mwana, anamutsuka mwendo kawiri ndi sopo wochapira, milomo ikungoyenda ndi pemphero. Nkhope yawo inali itachita mbuu. Koma mmene inkafika nthawi ya tiyi wa madzulo, amuna atalowa n'kuvula jombo, nkhani ija inali itayamba kuchepa m'kamwa mwawo.

"Wangoviika kaphazi," anauza amuna awo. "Amayi ake anali pomwepo."

"Sindinali pomwepo," anatero Danitza. "Ndinali kumathole. Ndikanatsuka ndowa imodzi ina, bwenzi pano mukuvuula ndi ndodo."

Yerko anamunyamula Maite n'kumukhazika pa miyendo, akumugwiragwira kaphazi kaja. A Baldomero anadzuka, anavalanso jombo n'kutuluka. Pazenera Danitza anawaona akukoka chitseko chakale cha nkhokwe, n'kuchiimika pampata paja, n'kuchimanga ndi waya mbali zonse ziwiri. Chinatseka theka. Theka linalo anawonjezerapo waya wachitatu.

Atabwerera anasamba m'manja n'kukhala pansi.

"Mwamugwira, a Danitza," anatero. A Sajeni sanatchule. "Mwachita zazikulu. Loweruka ndikamugulira jombo zina kutauni, zamaluwa."

"Jombo zisiyeni, apongozi. Mawa thalakitala isalowe. Imikani mzati uja, mubwezeretse geti. Zotsalazo aganyu adzayamwe ali kunja."

"Mwana wanga, mwamva wailesi. Loweruka usiku kukubwera mvula ya masiku asanu. Dziwe likadali pakati. Tikapanda kuchotsa mawa ndi mkucha, lisefukira kumtsinje, ndipo galimoto ya mkaka izingotidutsa. Aganyu ndinawaimbira kale sabata yatha, kuti musamati sindimva. Ali ndi mafamu khumi patsogolo pathu."

"Ndiye imikani geti lalikulu lero."

"Dothi ili? Mukumbe dzenje, lidzaza madzi musanatulutse fosholo. Simenti siigwira. Masiku awiri okha. Chitseko chija tizichotsa m'mawa, madzulo tizibwezera."

"Masana onse pali pululu."

"Mawa ndiyang'anira ineyo, Dani," anatero Yerko.

"Uli pa thalakitala tsidya la msewu?"

"Ndiye amayi..."

A Uberlinda anadzuka n'kukasonkhezera moto m'chitofu, ngakhale unali ukuyaka bwino.

Ng'ombe zinayamba kulira kukhola. Amuna anamaliza tiyi n'kupita kukakama. Danitza anachotsa makapu. Sanawakwiyire. Anayesa kukwiya koma sizinatheke, chifukwa chilichonse chimene a Baldomero ananena chinali choona: mvula ikubwera, dziwe lili pakati, simenti siigwira. Aliyense pafamupo anali ndi chake choyang'anira, ndipo ankachiyang'anira bwino. Wina dziwe, wina ng'ombe, wina moto ndi miphika. Maite anali wake, ndipo kawiri patsiku manja ake onse ankakhala ndi ndowa.

Anamusambitsanso mwana m'beseni pafupi ndi chitofu. Fungo linali lisanachoke pakati pa zala za kuphazi. Maite ankamenya madzi n'kumaimba za pipi. Atamupukuta anamusiya ndi agogo ake, anadikira kangowe kalowe, n'kupita kukhola lokamira. Makina ankalira. A Baldomero anali kumapeto, akulowetsa ng'ombe zina. Yerko anali atawerama pansi pa ng'ombe yakuda akupukuta mawere.

"Ndikupita kwa achemwali ku Río Bueno," anamuuza. "Ine ndi Maite."

Yerko anaweramuka. "Liti?"

"Basi ya antchito a kufakitale imadutsa pamphambano isanakwane sikisi."

"Mawa lomweli? Dani, ndi masiku awiri okha."

"Tsiku lozula mzati lija unatinso masiku ochepa."

"Ndiye ubwera liti?"

"Mzati ukalowa mu simenti, geti likaima, loko ali pomwepo. Udzandijambulire pafoni."

"Zimenezo ndi mu Seputembala."

"Kaya. Iwe ndi amene ukudziwa."

Yerko anayang'ana kumene kunali bambo ake, n'kutsitsa mawu. "Mathole amwetsa ndani?"

"Amayi ako. Manja awo akhala alibe mwana."

"Mdala zimupweteka, ukudziwa. Aziti wathawa chifukwa cha iye. Dikira kuche, timwe tiyi, uwauze bwinobwino. Ndikuperekeza pa galimoto masana."

Danitza anaganiza za tebulo lija. A Uberlinda adzalira, a Baldomero adzalonjeza waya wachinayi, Yerko adzamugwira dzanja, ndipo iye, mmene ankadzidziwira, adzavomera kudikira mpaka Loweruka. Pamene adzakhale akukambirana, chitseko cha nkhokwe chidzakhala chitachotsedwa kale, pakuti thalakitala inkayamba kukangoyera.

"Ayi," anatero. "Uwauze ndiwe, mukamakama m'mawa. Ukawauze kuti sindinakwiye."

Ng'ombe yakuda inaponda ndi mwendo wakumbuyo, Yerko n'kuigwira pantchafu kuti ikhazikike. Danitza anatuluka, anadutsa pampata paja, anagwedeza chitseko cha nkhokwe kuti aone ngati chagwira, n'kulowa m'nyumba. Anatsitsa chikwama pamwamba pa kabati n'kuyamba ndi zovala za mwana. Nsapato zina za Maite zinali zitayamba kumuthina, ndiye anaona kuti mpaka kukafika pamphambano adzachita kumunyamula, chikwama chili kumsana. Anatchera foni kuti imudzutse faifi koloko isanakwane.